Netiweki yavuta: Vuto lili pansanja kapena pansi pa tebulo?

Pali mawu awiri amene anthu a m'boma la Nkhotakota, monganso anzawo a m'maboma ena, adatopa nawo kuwamva akapita kukafuna thandizo pamalo pomwe pali kompyuta: "Netiweki yavuta."

Mawuwa amamveka kubanki, m'maofesi, m'mashopu otayipa ndi kusindikiza makalata ngakhalenso kusukulu pomwe aphunzitsi akulembetsa ana mayeso a Maneb pa intaneti. Akangonenedwa, nkhani imathera pomwepo. Kalaliki amapinda manja, amene adali pamzere amabalalika, ndipo mayi amene walawirira kuchokera ku Mwansambo kapena ku Dwambazi amayamba kuwerengera ngati ndalama yomwe yamutsalira ikwane thiransipoti yodzabwereranso mawa lake.

Ambiri akamva mawuwa amaloza chala ku nsanja za makampani a foni, ena n'kumatukwana chamumtima. Masiku ena amakhala akulondola. Komatu alipo masiku ochuluka pomwe nsanjazo zimakhala zilibe mlandu. Uthenga umakhala wayenda bwinobwino ulendo wa makilomita zikwizikwi, n'kudzatayika pamamita awiri kapena atatu omalizira, pakati pa rauta, kabokosi kaja kolandira intaneti, ndi kompyuta imene ili patebulo.

Vuto lotereli pa Chingerezi amalitcha packet loss, kutanthauza kutayika kwa mapaketi. Munthu akhoza kulifufuza yekha popanda kugula chida chilichonse, bola adziwe poyambira.

Uthenga umayenda ngati shuga

Aliyense amene adadutsapo pa Dwangwa akudziwa kuti shuga wa kufakitale ya Illovo safika m'golosale ali mulu umodzi. Amayamba waikidwa m'mapaketi, mapaketiwo n'kumangidwa m'mabelo, kenako n'kukwezedwa pamalole.

Intaneti nayo imatero. Chithunzi chimene mnyamata amene ali ku Johannesburg watumizira makolo ake ku Linga sichiyenda chathunthu. Makina amachiduladula m'tizidutswa ting'onoting'ono totchedwa mapaketi. Paketi iliyonse imalembedwa keyala ya komwe ikuchokera, keyala ya komwe ikupita komanso nambala yosonyeza malo ake pamndandanda. Mapaketiwo akafika, makina olandira amawasanja motsatira manambalawo ndipo chithunzi chija chimaoneka.

Pamawaya a m'maofesi, paketi imodzi imanyamula mabayiti osapitirira 1,500, omwe n'chimodzimodzi zilembo za theka la tsamba lotayipa. Choncho chithunzi cha mamegabayiti atatu chimasanduka mapaketi oposa 2,000.

Nzeru imeneyi si yalero. Adaiganiza m'zaka za m'ma 1960 akatswiri awiri omwe sankagwirira ntchito limodzi, Paul Baran wa ku America ndi Donald Davies wa ku Britain. Davies ndiye adasankha mawu akuti paketi.

Nanga paketi imodzi ikasowa panjira zimatha bwanji? Makina olandira amaona kuti pambuyo pa nambala 41 pabwera 43, ndipo otumiza amabwerezanso 42. N'chifukwa chake kalata sifika yoduka mawu. Koma kubwerezako kuli ndi mtengo wake. Makina otumiza akaona kuti katundu akutayika amaganiza kuti msewu wadzaza, ndipo amachepetsa liwiro mwadala. Kutayika kwa mapaketi awiri okha mwa 100 aliwonse kukhoza kugwetsa liwiro la intaneti kwambiri, maka ngati uthengawo ukuchokera kutali monga ku Ulaya.

Poimbirana pa WhatsApp palibe nthawi yobwereza. Paketi ikatayika yatayika, ndiye mawu amadukaduka, munthu n'kumamveka ngati akulankhulira m'madzi.

Vutoli n'lachinyengo. Intaneti ikathimiratu aliyense amaona. Koma mapaketi akamatayika, timagetsi tonse ta parauta timakhala tikuyaka, sikirini ikuonetsa kuti kompyuta yalumikizidwa, tsamba lina likutseguka pomwe lina likukana, fomu ikufika chakumapeto n'kuima. Munthu amabwereza kachiwiri, kachitatu, uku bandulo ikupita.

Ndipo bandulo imapitadi. Paketi imene yatayikira m'nyumba imakhala itadutsa kale pansanja, ndipo ikatumizidwanso imadutsanso pomwepo. Maulendo onse awiri amawerengedwa. Banja limene likudandaula kuti bandulo ya sabata ikutha masiku anayi mwina likulipira kawiri katundu mmodzi, kuonjezera pa mafomu ndi zithunzi zimene zimayambidwanso poyambirira zikakanika.

Amene adaonapo sitima ya Ilala itaima pa Nkhotakota akudziwa kuti siyandikira kumtunda kaamba koti madzi a pagombepo ndi osazama. Imaima patali, anthu ndi katundu n'kumatsika pamaboti. Thumba la ufa likhoza kuyenda bwino kuchokera ku Monkey Bay osanyowa ndi dontho lomwe, n'kudzagwera m'madzi pomwe akulitsitsa m'boti. Mwini thumbalo akakazenga mlandu woyendetsa sitima ndiye kuti wasochera. Funso loyamba pa intaneti nalo ndi lomwelo: katunduyu akugwera panyanja kapena pagombe?

Odi atatu

Chida choyankhira funsoli chili kale m'kompyuta iliyonse, ndipo dzina lake ndi ping. Adachipanga Mike Muuss wa ku America mu December 1983, ndipo dzinalo adalitenga ku kaphokoso ka makina a sitima zapamadzi amene amaponya mawu pansi pa nyanja n'kumvera akamabwerera. Ping imatumiza kapaketi kukeyala imene yauzidwa, n'kudikira yankho, monga mlendo amene wafika pakhomo n'kunena kuti odi.

Pamakompyuta a Windows, munthu amalemba cmd pamalo osakira mapologalamu ndipo pamatseguka kazenera kakuda. M'menemo ndimo amalembamo malamulo ake.

Odi woyamba amapita kwa kompyuta yomweyo polemba ping 127.0.0.1. Nambala imeneyi ndi keyala imene kompyuta iliyonse padziko lapansi imadziitanira yokha. Ikalephera kudziyankha, vuto lili m'mapologalamu ake ndipo palibe chifukwa chogwira waya. Izi sizichitika kawirikawiri. Ena amaganiza kuti kompyuta ikadziyankha ndiye kuti kakhadi kake ka netiweki, komwe kamalandira waya kapena Wi-Fi, kali bwino. Sichoncho. Mapaketi amenewa amangozungulira m'kati, sadutsa pakakhadiko.

Odi wachiwiri ndiye mwini nkhani, ndipo amapita kurauta. Keyala ya rauta imaoneka munthu akalemba ipconfig, pamzere wolembedwa kuti Default Gateway. Kawirikawiri imakhala 192.168.1.1 kapena 192.168.0.1, ndipo pa MiFi zambiri za Huawei imakhala 192.168.8.1.

Windows ikasiyidwa yokha imagogoda kanayi basi, zomwe n'zosakwanira kugwira vuto lobwera mwa apo ndi apo. Kulemba ping -n 100 kenako keyala ya rauta kumachititsa kuti igogode ka 100, ntchito ya mphindi ziwiri zosakwana. Amene ali ndi Linux amalemba -c m'malo mwa -n. Pamapeto makinawo amalemba okha kuti mapaketi otumizidwa ndi angati, obwerera angati ndipo otayika angati.

Pawaya wabwino, onse 100 ayenera kubwerera, lililonse mwa mayankhowo likutenga gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi kapena kucheperapo. Mizere yakuti "Request timed out" ikamaoneka pamenepa, mlandu wagamulidwa. Vuto lili m'nyumba momwemo, poti mapaketiwo kunsanja sadafikeko n'komwe.

Odi wachitatu amapita kunja, mwachitsanzo ku 8.8.8.8, keyala ya makina a kampani ya Google. Rauta ikamayankha zonse koma kunjako mapaketi n'kumasowa, apo m'pomwe munthu angayambe kuyang'ana kunsanja.

Chofunika kukumbukira n'chakuti laputopu ikhoza kulumikizidwa pawaya ndi pa Wi-Fi nthawi imodzi. Woyesa waya ayambe wathimitsa Wi-Fi, apo ayi sangadziwe kuti wayesa njira iti.

Adani a m'mbali mwa nyanja

Woganiziridwa woyamba nthawi zonse ndi waya. M'kati mwa waya wa netiweki muli timawaya tisanu ndi titatu topotedwa tiwiritiwiri. Kupotako si kukongoletsa, kumateteza uthenga kuti usasokonezedwe ndi mphamvu ya magetsi ena oyandikana nawo. Kumapeto kuli kamutu ka pulasitiki kokhala ndi timano tisanu ndi titatu ta chitsulo, ndi kambano kamene kamalira kuti "kete" waya akalowa bwino.

Kambano kameneka kakathyoka, waya amaoneka ngati walowa pomwe akungogwedera. Munthu akasuntha tebulo kapena kugunda kompyuta ndi bondo, mapaketi angapo apita.

Kunyanja kuli mdani wina amene a ku Dedza kapena ku Ntchisi sadandaula naye kwenikweni. Mpweya wa ku Nkhotakota ndi wachinyezi, ndipo chinyezi chimene chimadya malata ndi maloko a zitseko sichisiya timano ta waya. Timano tikayamba kuda kapena kubiriwira, magetsi onyamula uthenga amadutsa movutikira. Waya wotere sakanika kotheratu, amangowononga paketi imodzi mwa zingapo, ndipo akhoza kuzunza ofesi miyezi yambiri osadziwika.

Palinso makoswe. M'nyumba kapena m'shopu momwe mumasungidwa mpunga, ufa wa kondowole kapena usipa wouma, makoswe sasowa, ndipo waya wodutsa kudenga kapena kuseri kwa kabati ndi ndiwo kwa iwo. Khoswe akhoza kungokanda chikopa cha waya n'kudula kamodzi mwa timawaya tija. Mawaya ena amapanidwa ndi chitseko tsiku ndi tsiku, ena amapondedwa ndi mwendo wa mpando.

Chizindikiro cha kawaya koduka chilipo. Kuti kompyuta ndi rauta zilankhulane pa liwiro la mamegabiti 1,000 pasekondi, timawaya tonse tisanu ndi titatu tiyenera kukhala tamoyo, pomwe liwiro la 100 limangofuna tinayi. Kompyuta imene kale inkaonetsa 1,000 ikayamba kuonetsa 100, waya ndiye woyamba kumufunsa.

Kutalika nakonso kuli ndi malire. Waya wamtunduwu adapangidwa kuti asapitirire mamita 100. Sukulu kapena chipatala chimene chakoka waya kuchokera kuofesi ya akuluakulu mpaka kuchipinda chakutali, n'kumulumikiza pakati ndi tepi, chaitana vuto chokha. Pamsika palinso mawaya otchipa a aluminiyamu wongokutidwa ndi kopa pamwamba. Amaoneka ngati enieni, koma amathyoka msanga ndipo salimba paulendo wautali.

Shopu imene yayandikana ndi chigayo cha mpunga kapena malo owotcherera zitsulo ili ndi nkhani yakeyake. Makina akuluakulu akamalizidwa amagwedeza mphamvu ya magetsi, ndipo waya wa netiweki amene wamangidwa mtolo umodzi ndi waya wa magetsi akhoza kutola chisokonezocho. Ngati mapaketi amayamba kutayika chigayo chikangolira, palibe chifukwa chopitira kwa sing'anga.

Njira yogwirira waya wolakwa ndi yapafupi. Kulemba ping -t ndi keyala ya rauta kumachititsa kuti kompyuta izigogoda osaleka. Uku ikugogoda, munthu agwedeze waya pang'onopang'ono, kuyambira pakamutu mpaka kumapeto. Pomwe mayankho adukire ndi pomwe pali bala. Akafuna kuimitsa, adine Ctrl ndi C nthawi imodzi.

Kenako asinthe waya, ayesenso. Zikapitirira, asunthe wayayo pabowo lina la rauta, ayesenso. Zikakanikabe, abwereke laputopu ya mnzake n'kuiyesa pawaya yemweyo. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene wasintha waya, bowo ndi kompyuta nthawi imodzi akhoza kuthetsa vuto, koma sadziwa chimene chidalakwika, ndipo akhoza kutaya chipangizo chabwinobwino.

Kompyuta nayo imasunga kaundula wa zimene yaona. Kulemba netstat -e pa Windows, kapena ip -s link pa Linux, kumaonetsa mizere iwiri yofunika. Mzere wa Errors umawerenga mapaketi ofika owonongeka. Paketi iliyonse imayenda ndi nambala yotsimikizira za m'kati mwake, ndipo zikasiyana kakhadi kamaitaya, monga wagolosale amakanira paketi ya shuga yong'ambika. Nambala imeneyi ikamakwera, aganiziridwe waya kapena bowo. Mzere wa Discards, umene Linux imautcha dropped, umawerenga mapaketi amene adafika abwinobwino koma kompyuta idawataya, kawirikawiri poti idatanganidwa n'kusowa powaika. Manambalawa amaunjikana kuchokera pomwe kompyuta idayatsidwa, choncho munthu awaone kawiri, patadutsa mphindi zingapo, kuti adziwe ngati akukwera.

Mvula ikayamba, mphenzi imalowa m'bwalo. Siifunika kugwa padenga penipeni. Ikagwa pafupi, mphamvu yake imatha kuyenda m'waya wautali, maka wodutsa panja pakati pa nyumba ziwiri, n'kuwauka bowo la rauta kapena la kompyuta. Bowo lopsa pang'ono limayakabe kagetsi kake koma limataya mapaketi. Ambiri kukamagunda amazula pulagi ya magetsi n'kuiwala waya wa netiweki, pomwe nayenso ndi khomo.

Kutentha kwa October ndi November nako kumafoola rauta. Mabanja ambiri ali ndi chizolowezi chofunditsa wailesi ndi TV kansalu koluka kuti zisalowe fumbi. Kansaluko n'kokongola ndithu, koma rauta yofunditsidwa imasowa popumira. Intaneti imene imayenda bwino m'mawa n'kuyamba kudukaduka dzuwa likafika paliwombo ikuloza kumeneko. Timabowo topumira timatsekekanso ndi fumbi komanso nkhungu za m'nyanja zimene zimathamangira kuwala, pomwe nyerere ndi analimata amakonda kufunda kwa m'kati mwa kabokosiko.

Chomaliza pagululi ndi adaputa, kachipangizo kopereka magetsi kurauta. Yoyambirira ikapsa, anthu amangotola ina iliyonse imene kamutu kake kalowa. Ikakhala yofooka, rauta imayaka koma imazima n'kudziyatsanso ntchito ikachuluka. Manambala olembedwa pansi pa rauta ndi a paadaputa ayenera kugwirizana. M'mashopu odalira sola ndi batire, vuto lomweli limabwera madzulo batire ikayamba kutsika.

Zopanda waya nazo zili ndi zake

Mabanja ambiri sagwiritsa ntchito waya n'komwe. Intaneti amailandira pa MiFi kapena pafoni imene yasandutsidwa hotspot. Apa maulalo alipo awiri, wina kuchokera kunsanja kufika pa MiFi, wina kuchokera pa MiFi kufika palaputopu. Odi wachiwiri uja ndiye amasiyanitsa maulalo awiriwa.

Mafunde a Wi-Fi amafooka akamadutsa khoma la njerwa, ndipo chitsulo chimawabweza. Rauta yoikidwa m'kabati yachitsulo poopa akuba, kapena pamwamba penipeni pafupi ndi malata, ikulankhula itatsekedwa pakamwa. Madzi nawo amameza mafundewa, choncho mgolo wa madzi, ngakhalenso chipinda chodzaza ndi anthu, zimachepetsa mphamvu yake.

Timizere tosonyeza mphamvu ya Wi-Fi tisapusitse munthu. Timangonena kuti rauta ikumveka mokweza, sitinena ngati ikumveka bwino. Pamsika wa paboma kapena pa Dwangwa, pomwe mashopu ali khomo ndi khomo, marauta angapo akhoza kumalankhulira panjira imodzi ngati anthu okuwa m'chipinda chimodzi. Pamafunde a 2.4 GHz, njira zosalowererana ndi zitatu zokha: 1, 6 ndi 11. Kusamukira panjira ina, kapena pamafunde a 5 GHz ngati rauta ili nawo, kumathandiza, ngakhale a 5 GHz safika patali.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Munthu agogode ka 100 atakhala pafupi ndi rauta, agogodenso atabwerera pamalo pomwe amakhala masiku onse. Wi-Fi imayamba yabwereza yokha mapaketi okanika isanawataye, choncho chizindikiro choyamba chimakhala nthawi ya mayankho kudumphadumpha, lina 3, lotsatira 400, lina 12. Zikatero ndiye kuti kutayika kuli pafupi.

Kompyuta nayo ikhoza kulakwa

Malaputopu ambiri a m'matauni ang'onoang'ono ndi ogwiritsidwapo kale ntchito kunja, ndipo amabwera ndi makhalidwe awo. Windows ili ndi lamulo lololeza kompyuta kugoneka kakhadi ka netiweki pofuna kusunga batire. Pamakina ena kakhadiko kamachedwa kudzuka ndipo mapaketi oyambirira amapita padera. Lamuloli limapezeka mu Device Manager, pansi pa dzina la kakhadiko, ndipo likhoza kuchotsedwa. Kapologalamu koyendetsa kakhadiko, kotchedwa driver, kakakhala kakale kapena kolakwika, nakonso kamabweretsa vuto lomweli.

Pali vuto lina limene lidasautsa maofesi kwambiri m'zaka za m'mbuyomu ndipo likadapezekabe pazipangizo zakale. Mbali imodzi ya waya imakhala idauzidwa kuti ikhoza kulankhula ndi kumvera nthawi imodzi, pomwe inayo ikudikira kuti azisinthana. Ping yokha imadutsa bwinobwino, koma munthu akangoyamba kutumiza chinthu chachikulu zonse zimaima. Mankhwala ake ndi kusiya mbali zonse ziwiri pa Auto Negotiation kuti zizigwirizana zokha.

Zipangizo ziwiri zikapatsidwa keyala imodzi, zimalandirana makalata ngati mabanja awiri a bokosi limodzi la kupositi. Izi zimachitika kawirikawiri ndi makina osindikizira amene wina adawalembera keyala pamanja, rauta n'kudzapereka keyala yomweyo kwa foni ya mlendo.

Ndipo pali ngozi imodzi yoseketsa koma yoopsa. Munthu wofuna kulongosola muofesi amaona waya akulendewera n'kumubaya pabowo lopanda kanthu, osadziwa kuti mbali inayo ili kale pakabokosi komweko. Pamabokosi otchipa ogawira mawaya, mapaketi amayamba kuzungulira osatha mpaka ofesi yonse kuima. Timagetsi tonse tikamaphethira limodzi mothamanga, wina awerenge mawaya.

Pomwe mlandu uli kunjadi

Zonsezi sizikutanthauza kuti kunja sikulakwika. Dziko lino lilibe gombe la nyanja yamchere, choncho intaneti yake yambiri imadzera m'mawaya a fibre ochokera kumagombe a maiko oyandikana nalo monga Mozambique ndi Tanzania. Kumeneko amalumikizana ndi mawaya apansi pa nyanja monga Seacom, amene adayamba kugwira ntchito mu 2009, ndi EASSy wa mu 2010.

Pa 12 May 2024 mawaya awiriwa adawonongeka pansi pa nyanja kufupi ndi South Africa, ndipo intaneti idafooka kwa masiku angapo m'maiko ambiri a chigawo chino kuphatikizapo Malawi. Masiku amenewo, ngakhale munthu akadasintha mawaya onse a m'nyumba mwake, palibe chikadasintha.

Magetsi nawo ali ndi gawo lawo. Namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130 ndipo kuthimathima kudapitirira kwa nthawi yoposa chaka. Nsanja za foni magetsi akazima zimadalira mabatire ndi majenereta, ndipo izi zikafooka netiweki imafooka nazo.

Njira zobweretsera intaneti zachuluka. Mu 2018 boma lidatsiriza gawo loyamba la ntchito yofikitsa mawaya a fibre m'maboma kudzera ku Escom, ndipo mu 2023 kampani ya Starlink idayamba kugulitsa intaneti yochokera kumasetilaiti m'dziko muno. Koma kaya yabwera pamapolo, pansanja kapena kuchokera kumwamba, imathera parauta ndi waya wa m'nyumba, komwe khoswe ndi chinyezi zikuidikira.

Munthu asanaimbire kampani, ayambe waona ngati palibe wina m'nyumbamo amene akukopera kanema kapena foni imene ikutumiza zithunzi payokha. Njira ikadzaza, rauta imataya mapaketi osowa malo, ndipo zimaoneka ngati vuto lakunja. Pasiwedi ya Wi-Fi imene idaperekedwa kwa mnansi mmodzi chaka chatha mwina pano ikudziwika ndi mzere wonse wa nyumba. Achotse zipangizo zina zonse, ayesenso.

Lamulo la tracert 8.8.8.8 limaonetsa malo onse amene paketi ikudutsa, koma limafuna kuliwerenga mosamala. Nyenyezi zooneka pamzere wina wapakati sizitanthauza kuti pamenepo pakutayika katundu, chifukwa makina ena akuluakulu adauzidwa kuti asamataye nthawi kuyankha odi. Chofunika ndi chakuti kumapeto kukufikika kapena ayi.

Amene wachita zonsezi amaimba foni ali ndi umboni m'manja. Kunena kuti intaneti ikuvuta kumangobweretsa malangizo akuti azimitse n'kuyatsanso. Kunena kuti rauta ikuyankha 100 pa 100 koma kunja kukutayika mapaketi 15 madzulo alionse kuyambira 6 koloko kumapatsa amisiri poyambira. Dandaulo likapanda kumveka, bungwe la Macra, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998 kuti liziyang'anira ntchito zamtengatenga wa mauthenga, limalandira madandaulo a ogula.

Kwa kalaliki wa pachipatala chaching'ono amene akuthamangira kutumiza malipoti a mwezi pa DHIS2, kapena mwini shopu amene makasitomala akumuthawira kwa mnzake wa tsidya la msewu, kusiyanitsa zimenezi ndi ndalama. Kuitana katswiri kuchokera ku Salima, ku Kasungu kapena ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 200, kumafuna thiransipoti, chakudya ndi malipiro ake. Ena amafika pogula rauta yatsopano n'kuilumikiza pawaya wakale yemweyo, vuto n'kukhala lili pomwepo.

Amisiri ambiri oyendayenda sasiya waya mmodzi wamfupi, wa mamita awiri, amene adamuyesa kale n'kupeza kuti ndi wabwino. Ofesi kapena shopu ya kunyanja ikhoza kusunga wake m'dirowa, atakulungidwa m'pepala la pulasitiki kuti chinyezi chisamupeze, pamodzi ndi kapepala kolembapo keyala ya rauta ndi tsiku limene adamuyesa komaliza.